Kuyika masoketi m'chipinda cha maseva: werengani kaye musanaboole khoma

Tsiku lina la mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, anandiitana ku ofesi ina ya ku Limbe. Mnyamata woyang'anira makompyuta ananditsegulira kachipinda komwe kale ankasungiramo mapepala, koma tsopano munali raki ya maseva yotalika ngati munthu. Ndisanaone kanthu ndinamva fungo longa la nsomba yoyamba kuvunda. Amisiri a magetsi timalidziwa fungo limeneli, ndi la pulasitiki ya soketi ikamapsa pang'onopang'ono. Kuseri kwa rakiyo kunali soketi imodzi ya pawiri, mbali ina itada ngati chitumbuwa chopserera, ndipo maekisitenshoni awiri anali ataberekana kuchokera pomwepo. Nditagunda pulagi ndi kuseri kwa chala ndinachotsa msangamsanga.

"Achimwene," anatero mnyamatayo, "mungotiwonjezera masoketi 6 pakhoma ili basi. Kodi malamulo amalola masoketi angati pa breka imodzi?"

Funso limeneli ndalimva kambirimbiri ku Ginnery Corner, ku Chichiri, ku Makata ndi m'maofesi a m'tauni muno. Amene amalifunsa nthawi zambiri amakhala atawerenga pa intaneti za ku America, komwe magetsi a m'masoketi ndi 120V ndipo malamulo awo amawerengera 180VA pa soketi iliyonse ya m'nyumba zamalonda, moti breka ya 20A imatuluka ndi masoketi 13. Kuno magetsi athu ndi 230V pa 50Hz, mapulagi athu ndi a mano atatu okhala ndi fyuzi, ndipo kayikidwe kathu ka mawaya tinatengera ku Britain. Buku lomwe ndimatsegula ndikamakonza ntchito ndi BS 7671, lomwe kope lake la nambala 18 linatuluka mu 2018, ndipo manambala omwe nditchule pano ndi ochokera m'menemo. Bukuli silitchula chiwerengero cha masoketi pa breka. Malire ake ali pa katundu yemwe laini ikusenza, kutentha kwa waya, magetsi otayikira ku ethi (waya wachitetezo wopita kunthaka) ndi kutalika kwa laini. Tiyeni tizione motsatana, monga ndimachitira ndikafika pamalo.

Chinthu chimodzi ndinene poyamba. Ntchito yotsegula DB (bokosi la mabreka logawa magetsi m'nyumba) ndi kukoka malaini ndi ya mmisiri wokhala ndi chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za mphamvu zamagetsi. Inu a IT ndi abwana oyang'anira ofesi, malangizowa akuthandizeni kudziwa chomwe mukupempha ndi kuona ngati mmisiri wanu wawerengadi kapena wangoyerekeza.

Gawo 1: Werengani katundu

Tengani pepala, lembani chipangizo chilichonse cholowa mu raki ndi mawati ake. Pa pawa sapulayi ya seva pamalembedwa nambala yaikulu, mwina 750W, koma imeneyo ndi mphamvu yomwe ingathe kupereka ikafika pamapeto. Zomwe sevayo ikudya tsiku ndi tsiku mumaziona pa sikirini ya UPS (makina a mabatire osunga maseva oyaka magetsi akazima), pa PDU (chogawira magetsi mu raki) yokhala ndi mita, kapena ndi clamp meter (mita yokolowetsa pa waya yoyeza maampu) nthawi yomwe ofesi ili pikitipikiti, osati Loweruka madzulo.

Tiyerekeze raki yotere: maseva 4 a 400W iliyonse ndi 1,600W, bokosi losungira mafayilo 500W, switch yopereka magetsi ku makamera ndi mafoni a pa desiki 400W, ma switch ena awiri 100W onse pamodzi, rauta ndi firewall 100W. Zonse ndi 2,700W. Gawani ndi 230, mupeza 11.7A. Apa simunathe. UPS nayo imadya yake, ndipo magetsi akangobwera pambuyo pa maola angapo a mdima imakoka ena owonjezera kuti idzaze mabatire, uku ikudyetsa raki. Ife a ku Blantyre zimenezi si zachilendo. Magetsi athu ambiri amachokera ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo tonse tikukumbukira mmene zinalili namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya pafupifupi 130MW. Laini ya seva kuno imayesedwa nthawi iliyonse yomwe magetsi abwerera.

Ine ndimakonza kuti laini isapitirire magawo 80 pa 100 a breka yake. Limeneli ndi lamulo lolembedwa ku America. Mu BS 7671 mulibe, koma ndimalitsatabe chifukwa seva sipuma. Ketulo imawira mphindi zitatu, waya n'kuzizira. Seva imakoka usana ndi usiku, chaka chonse.

Gawo 2: Sankhani soketi yoyenera katunduyo

Pulagi ya mano atatu imathera pa 13A, yomwe ndi pafupifupi 3kW. Raki yathu ya 11.7A, kuphatikiza za UPS zija, yafika kale pakhomo pa malire. Ndipo soketi ya pawiri sikutanthauza 26A ayi. Poiyesa kufakitale amaisenzetsa 20A mbali zonse ziwiri pamodzi. Yomwe ndinaipeza ku Limbe ija inapsa chifukwa cha zimenezi, breka ili phee, popeza breka ya 32A imateteza waya wa m'khoma ndipo sidziwa zomwe zikuchitika pa mano a pulagi.

Pa raki, pemphani masoketi a buluu a m'mafakitale aja, a muyezo wa IEC 60309, omwe ambiri amangoti commando. Ya 16A imapereka mpaka 3,680W, ya 32A mpaka 7,360W. Mano ake ndi okhuthala, ndipo chivindikiro chake chimakola pulagi kuti woyeretsa akamakolopa asaizule. Yofiira ndi ya three phase ya 400V, siilowana ndi ya buluu. Soketi iliyonse yotere ikhale ndi laini yakeyake ndi breka yakeyake kuchokera ku DB. Pa raki yathu, 16A ikutipatsa 12.8A tikatsata za 80 zija, kutanthauza kuti seva imodzi yokha ikawonjezeka tapanikizika. Ndingasankhe 32A.

Mkati mwa raki, PDU ndiyo imagawa magetsi. Timabowo take ta C13 timathera pa 10A, ta C19 pa 16A. Ekisitenshoni ya m'sitolo ya zinthu za m'nyumba isalowe m'chipindamo.

Masoketi a 13A a pakhoma akufunikabe, awiri kapena atatu, a laputopu ya mmisiri, tochi yotchaja kapena makina opopera fumbi. Amenewo akhale pa laini ina yosadutsa pa UPS. Ngati mukufunanso masoketi a 13A a UPS, agulireni a mtundu wofiira ndipo alembedwe. Ndinaonapo hita yolumikizidwa pa soketi ya UPS m'mwezi wa Juni, chiperoni chitavuta, ndipo munthuyo sanalakwe dala: soketiyo inali yoyera ngati zinzake zonse.

Amisiri ena amakonda ring, yoti waya wa 2.5mm² uchoke pa breka ya 32A, uzungulire masoketi n'kubwereranso. Ndi yololedwa, ndipo chitsogozo chake n'chakuti isatumikire malo oposa 100m². M'chipinda cha maseva ine sindiifuna. Katundu yense amaunjikana pamalo amodzi, mwendo umodzi wa ring n'kusenza kwambiri kuposa unzake, ndipo waya ukaduka penapake masoketi amayakabe, palibe wodziwa kuti waya umodzi wa 2.5mm² watsala wokha pa breka ya 32A.

Gawo 3: Kukula kwa waya

Apa ndi pomwe ntchito zambiri zimalakwikira, ndiye ndichedwapo pang'ono. Lamulo lake ndi lalifupi: katundu asapose breka, breka isapose zomwe waya ungasenze pamalo pomwe wadutsa. Mawu akuti "pamalo pomwe wadutsa" ndi omwe anthu amadumpha.

Mawaya a PVC a kopa oyenda mu trunking (ngalande yotsekedwa yoyendamo mawaya) kapena m'paipi ya pakhoma, matebulo amati 2.5mm² umasenza 24A, 4mm² 32A, 6mm² 41A, ndipo 10mm² 57A. Koma manambalawa ndi a laini imodzi yokha, pamalo otentha 30°C. Kutentha kukafika 35°C muchulukitse ndi 0.94, kukafika 40°C, ndi 0.87. Musanyengedwe ndi kuzizira kwa m'chipinda cha maseva momwemo. Waya wanu asanafike kumeneko wadutsa m'denga, pansi pa malata, ndipo amene analowapo m'siling'i ya nyumba ya ku Blantyre mu Novembala masana akudziwa kuti mumakhala ngati mu uvuni wa njerwa.

Kenako pali za kuthithikana. Malaini awiri mu trunking imodzi amatenthetsana, ndiye mumachulukitsa ndi 0.80, atatu ndi 0.70, anayi ndi 0.65.

Tiyese tione. Malaini atatu mu trunking imodzi, kutentha 35°C. Waya wa 2.5mm²: 24 kuchulukitsa ndi 0.94, kenako ndi 0.70, zikutipatsa 15.8A. Waya umene aliyense amati "wa masoketi" walephera ngakhale breka ya 16A. Wa 4mm² ukutsikira pa 21A, wokwanira 16A kapena 20A koma osati 32A yomwe ambiri amauyika. Wa 6mm² ukufika 27A, ukuperewerabe. Kuti mukhale ndi 32A m'njira imeneyi mufunika 10mm², womwe ukupereka 37.5A, apo ayi mulekanitse malainiwo, uliwonse uyende njira yake. Nthawi zambiri kugula trunking yachiwiri kumatchipa kuposa kukulitsa mawaya onse.

Mukatha apo, yesani kutalika. Magetsi amafooka akamayenda mtunda, ndipo malire ake pa masoketi ndi magawo 5 pa 100, kapena kuti 11.5V, kuwerengera kuchokera pomwe magetsi alowera m'nyumbamo mpaka pa soketi. Waya wa 2.5mm² umataya mamilivoti 18 pa ampu iliyonse pa mita iliyonse, 4mm² umataya 11, 6mm² 7.3, 10mm² 4.4. Ngati DB ili pansi pa masitepe ndipo maseva ali m'chipinda chapamwamba chakumapeto, mamita 40, katundu wa 25A pa 4mm² ataya 11V pa laini yokhayo, tisanawerengere waya wochokera pa mita. Pa 6mm² ataya 7.3V. Chipinda chikatalikira chonchi ndi bwino kukoka chingwe chimodzi chachikulu n'kuyika ka DB kakekake pafupi ndi khomo la maseva.

Ndiwonjezere za kogula. Pamsika pali mawaya ooneka ngati kopa koma mkati ndi aluminiyamu wopakidwa kopa pamwamba, ndi ena olembedwa 2.5mm² koma ochepa thupi. Palani kachidutswa ndi mpeni: kukaoneka koyera mkati, usiyeni. Nyamulaninso mpukutuwo m'manja, wabodza umapepuka. Masamu onse tachitawa ndi a kopa weniweni.

Gawo 4: Breka ndi RCD

Mapawa sapulayi a makompyuta amakoka magetsi ambiri kwa kanthawi kochepa akamayaka, ndipo magetsi akabwerera onse amayaka limodzi. Breka ya mtundu B imagwa nthawi yomweyo ikaona magetsi ochuluka ka 3 mpaka ka 5 kuposa nambala yake; ya mtundu C imadikira ka 5 mpaka ka 10. N'chifukwa chake mtundu C umakondedwa pa UPS. Koma ili ndi mtengo wake. Kuti igwe msanga waya wa live ukagunda chitsulo, njira yobwerera kudzera ku ethi iyenera kukhala yosalala kwambiri, yosatchinga magetsi (timayeza m'maomu, Ω): B32 imafuna zosaposa 1.37Ω, C32 imafuna zosaposa 0.68Ω. Kuchotsa B n'kuika C chifukwa chongotopa ndi kugwagwa, osayeza kanthu, n'kuika moyo wa munthu pachiswe.

Tsopano RCD, yomwe ambiri amati earth leakage, chipangizo chozimitsa laini magetsi akamatayikira ku ethi. Masoketi a 32A kutsika m'munsi ayenera kutetezedwa ndi RCD ya 30mA. Pamalo pomwe anthu wamba, ana kapena olumala sagwiritsa ntchito masoketiwo, bukuli limapereka mpata woisiya pokhapokha pali chikalata cholembedwa chounika chiopsezo n'kusonyeza kuti siikufunika. Mawu a pakamwa akuti "imativutitsa" si chikalata.

Chomwe chimavutitsacho n'chiyani? Chipangizo chilichonse cha kompyuta chili ndi zosefera zomwe zimataya timagetsi pang'ono ku ethi, ngakhale chili bwinobwino. Chimodzi sichivuta. Zikachuluka timagetsi tija timaphatikizana, ndipo RCD ya 30mA imaloledwa kugwa paliponse kuyambira 15mA. Choncho lamulo likuti magetsi otayika a tsiku ndi tsiku asapose magawo 30 pa 100 a RCD, omwe ndi 9mA. Ngati mwayeza n'kupeza kuti chipangizo chilichonse chikutaya 1.5mA, zipangizo 6 zakwanitsa kale malirewo. Kwa mnyamata wa ku Limbe uja ndinati: ngati mukufuna nambala, nambala yake ndi imeneyi, ndipo timaipeza ndi clamp meter yoyeza mamiliampu, titakolowetsa live ndi neutral pamodzi.

Mankhwala ake ndi kugawa. M'malo mwa RCD imodzi yoyang'anira DB yonse, laini iliyonse ikhale ndi RCBO yake, yomwe ndi breka ndi RCD m'thupi limodzi. Vuto la raki imodzi lisagwetse inzake, ndipo ketulo ya kukhitchini isazimitse maseva. Ikhale ya Type A, chifukwa ya Type AC imatha kuchita khungu ikakumana ndi magetsi a DC ochokera m'zipangizo zamakono. Pa UPS werenganinso buku lake, opanga ena amatchula mtundu wa RCD womwe akufuna.

Gawo 5: Ethi

Magetsi otayika ajawa ali ndi mbali ina yoopsa. Waya wa ethi ukamasuka, amakhala pa chitsulo cha raki kudikira dzanja la munthu. Ndiye chipangizo chotaya pakati pa 3.5mA ndi 10mA sichiloledwa pa pulagi wamba ya 13A. Chilumikizidwe mokhazikika kapena pa soketi ya commando. Laini yomwe zotayika zake zingapose 10mA imafuna ethi yolimbitsidwa: waya umodzi wosachepera 10mm², kapena wa kopa wosachepera 4mm² wotetezedwa m'paipi, kapena mawaya awiri a ethi, uliwonse womangidwa pa sikuluu yakeyake. Masoketi okhala ndi pomangira ethi pawiri alipo, apempheni. Raki yeniyeniyo, zitseko zake ndi thireyi ya mawaya zimangidwe ku ethi ya nyumbayo. Osakhoma ndodo ina ya ethi yapayokha ya makompyuta yosalumikizana ndi ethi yaikulu. Mphenzi ikagwa pafupi, kusiyana kwa ziwirizo kumadutsira m'zingwe za netiweki.

Ngati nyumbayo imadalira ndodo yokhomedwa m'nthaka, iyezeni m'chilimwe, Seputembala kapena Okutobala, nthaka itauma gwaa. Yoyezedwa mu Febuluwale imanamiza. Ikapitirira 200Ω siyodalirika, ndipo pa maseva ine ndimafuna yotsika kwambiri kuposa apo. M'malo a miyala monga m'mphepete mwa mapiri a Soche ndi Ndirande ndodo imodzi kawirikawiri sikwanira.

Za mphenzi, ikani SPD (chotetezera zipangizo magetsi akakwera mwadzidzidzi) ya Type 2 mu DB yodyetsa maseva, ndi ya Type 1 polowera magetsi ngati nyumbayo ili ndi chotchingira mphenzi padenga. Mawaya ake akhale aafupi, osapitirira theka la mita ngati n'kotheka. Muiyike mvula isanayambe.

Gawo 6: Malaini awiri, jenereta ndi choziziritsa

Maseva ambiri ali ndi mapawa sapulayi awiri. Phindu lake limaoneka ngati ina ili pa PDU ya laini A ndipo inzake pa PDU ya laini B, mabreka osiyana. Koma laini iliyonse iyenera kukwanitsa yokha katundu yense. Raki ikamadya 12A pa A ndi 12A pa B, mabreka ali a 16A, tsiku lomwe A idzagwe B idzalandira 24A n'kutsatira mnzake.

Eyakoni ikhale pa laini yake, kunja kwa UPS koma mkati mwa jenereta. Wati iliyonse yomwe seva yadya imasanduka kutentha, 1kW ndi pafupifupi 3,412 BTU (muyezo wa kutentha wolembedwa pa maeyakoni) pa ola, ndiye raki yathu ya 2.7kW yokha ikutulutsa zoposa 9,000 BTU. Mpweya wolowa m'maseva ukhale pakati pa 18°C ndi 27°C.

Jenereta ilowe kudzera pa changeover yokana kuti ESCOM ndi jenereta zikumane. Kulowetsa jenereta kudzera pa soketi kumabweza magetsi ku mapolo, komwe mmisiri wina akugwira ntchito akuganiza kuti laini yafa. Mmisiri wanu atsimikizenso kuti neutral ili ndi polumikizira ku ethi nthawi yomwe muli pa jenereta kapena pa mabatire, apo ayi ma RCD aja sagwira ntchito yawo. Katundu akachuluka mpaka kufuna three phase, pitani ku ESCOM mukapemphe, magawo atatuwo asenze mofanana, ndipo neutral isachepetsedwe, chifukwa makompyuta amaisenzetsa kuposa mmene mamota amachitira.

Samalaninso ndi mitundu ya mawaya m'nyumba zakale za ku Mandala ndi m'tauni. Kale live inali yofiira, neutral yakuda, ndipo buluu inali phase. M'kachitidwe katsopano live ndi yabulauni, buluu ndi neutral, ndipo wakuda ndi phase. M'DB imodzi mukhoza kupeza zonse ziwiri, ndiye mtundu wa waya usakhale umboni. Umboni ndi mita. Zingwe za netiweki nazo zisagone mu trunking imodzi ndi za magetsi pokhapokha pali chogawa pakati.

Gawo 7: Kuyeza ndi kulemba

Musanagwire waya, zimitsani, khomani loko pa breka, yezani kuti mwafadi, ndipo kumbukirani kuti UPS imapereka magetsi ngakhale main switch ili pansi. Mmisiri asalandire malipiro omaliza asanakupatseni pepala la zoyeza: kulumikizika kwa ethi pa soketi iliyonse, insulation yoyezedwa pa 500V yosachepera 1MΩ zipangizo zonse zitazulidwa, polarity (kuona ngati live ndi neutral sizinasinthane), earth loop (maomu a njira yobwerera ku ethi ija) ya laini iliyonse poyerekeza ndi breka yake, ndi RCD yogwa mkati mwa mamilisekondi 300. Soketi iliyonse ilembedwe nambala ya breka yake, ndipo pachitseko cha DB pamatidwe pepala losonyeza laini iliyonse ndi maampu omwe ikusenza lero, kuti wobwera ndi seva yatsopano aone mpata womwe watsala.

Ku Limbe kuja sitinayike masoketi 6. Tinakoka malaini awiri a commando ya 32A, uliwonse mu trunking yake, ndi laini yachitatu ya masoketi awiri a pakhoma. Loweruka lotsatira, ofesi itatsekedwa ndipo mafayilo onse atasungidwa pena, ndinamuuza mnyamatayo agwetse yekha breka A. Maseva anangolira kamodzi n'kupitiriza. Tinaibwezera, tinagwetsa B, kenako main switch yonse kuti tione UPS ndi jenereta zikulandirana. Patatha ola limodzi ndinayendera mapulagi onse ndi kuseri kwa chala, n'kumupempha kuti azichita chimodzimodzi Lolemba lililonse m'mawa akangotsegula chitseko.